Kope la Pakhomo la Wodwala Chotupa cha mu Ubongo

Kabuku ka mabanja a ku Mwaya, Kande, Kachere ndi midzi ina ya m'mbali mwa nyanja

Kabuku aka ndi ka banja lomwe lauzidwa kuchipatala kuti m'bale wawo ali ndi chotupa mu ubongo, ndipo tsopano wodwalayo ali pakhomo. Mwina akudikira tsiku lopita ku Mzuzu Central Hospital. Mwina wabwerako ku opaleshoni ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Mwinanso mwauzidwa kuti chotupacho sichingachotsedwe. Mulimonsemo, masiku ambiri a matendawa amathera pamphasa ndi pakhonde, osati mu wodi. Adokotala amamuona wodwala kwa mphindi zowerengeka, inu mumamuona podzuka, pakudya, ndi usiku akamabuula. Pali zinthu ziwiri zomwe makina ojambula m'mutu sangaone koma inu mungathe kuziyeza: zomwe wodwala akutha kuchita payekha, ndi momwe mwiniwakeyo akuumvera moyo. Pakufunika kope la sukulu, cholembera, ndi munthu mmodzi wolemba tsiku limodzi pa sabata.

CHIFUKWA CHAKE "ALI BWINOKO" SIKUKWANIRA

Namwino akafunsa kuti odwala ali bwanji, ambirife timayankha mwaulemu kuti ali bwinoko, kapena kuti akuyesera. Yankho lotere ndi labwino popatsana moni, koma silithandiza amene akufuna kudziwa ngati mankhwala akugwira ntchito. Bwinoko poyerekeza ndi liti? Mwezi watha ankapita okha kuchimbudzi, lero akuchita kugwiriridwa, koma chifukwa dzulo anadya phala n'kumaliza, banja likuti ali bwinoko. Munthu amene umamuona tsiku ndi tsiku sumuzindikira msanga akamatsika pang'onopang'ono. Mlendo wochokera ku Mzuzu amene anamuona komaliza pa Khirisimasi ndiye amadzidzimuka.

Kope limakumbukira zomwe mtima safuna kukumbukira. Limagwira ntchito ngati khadi la kusikelo ya ana: kulemera kwa mwezi umodzi sikunena zambiri, koma mzere ukamatsika miyezi itatu yotsatizana, mlangizi wa zaumoyo amadziwa kuti pali vuto.

ZOMWE CHOTUPA CHIMACHITA

Ubongo uli m'chigaza chomwe sichitambasuka. Chilichonse chomera m'katimo chimapanikiza ubongo, ndipo malo ozungulira chotupacho amatupanso. N'chifukwa chake mutu umapweteka kwambiri m'mamawa kapena munthu akawerama, nthawi zina limodzi ndi kusanza. Zizindikiro zina zimatengera pomwe chotupa chili. Mbali ya kumanzere ya ubongo imayendetsa mbali ya kumanja ya thupi, ndipo mwa anthu ambiri ndi imenenso imayendetsa kulankhula. Chotupa cha chakutsogolo chimasintha khalidwe: munthu wofatsa amayamba kutukwana, wakhama amangokhala duu osafuna kanthu. Cha chakumbuyo, pamwamba pa khosi, chimachititsa munthu kudzandira ngati waledzera. Ena amayamba kugwa khunyu ali akuluakulu kale, ena amaona zinthu ziwiriziwiri kapena maso amachita mdima.

Si chotupa chilichonse chomwe ndi khansa. Chomwe madokotala amachitcha meningioma chimamera pa kachikopa kokuta ubongo, nthawi zambiri chimakula pang'onopang'ono, ndipo anthu ambiri amachira chikachotsedwa. Glioblastoma ndi yaukali ndipo imakula msanga ngakhale m'maiko omwe ali ndi zipangizo zonse. Zotupa zina zimachokera ku khansa ya m'mapapo kapena ya m'mawere. Ndipo kwathu kuno, chinthu chooneka ngati chotupa pa chithunzi chikhoza kukhala TB ya mu ubongo, kapena matenda a toxoplasmosis omwe amagwira anthu amene chitetezo chawo chatsika ndi HIV, kapena timatumba ta njoka za m'mimba zochokera ku nkhumba. Zimenezi zili ndi mankhwala ake. Choncho funsani adokotala dzina la chomwe apeza, ndipo alilembe m'buku la kuchipatala.

Kusintha kwa khalidwe ndi kumene kumagawanitsa mabanja. Bambo akayamba kulankhula zosamveka kapena kuvula pagulu, mphekesera za ufiti sizichedwa, ndipo kawirikawiri chala chimaloza nkhalamba ina ya m'mudzi momwemo. Koma ndi chotupa chikupanikiza ubongo. Kulemba tsiku lomwe khalidwelo linayamba kumathandiza adokotala, ndipo kumathandizanso achibale kuona kuti linabwera pamodzi ndi mutu ndi kufooka kwa mkono.

MUYESO WOYAMBA: AKUTHA KUCHITA CHIYANI?

Muyeso uwu ndi wa maso anu. Simufunsa wodwala, mumangoona zomwe wachitadi sabata imeneyo. Madokotala a khansa padziko lonse amagwiritsa ntchito mlingo wa ECOG, womwe unasindikizidwa mu 1982 ndipo bungwe la WHO limaugwiritsanso ntchito. Pakhomo tingaufotokoze motere:

0: Akugwira ntchito zonse monga kale. Akupita kunyanja, akulima chinangwa, akusenza mtolo wa nkhuni.

1: Ntchito zolemetsa zamukanika, koma zopepuka akugwira. Sangakoke khoka, koma akusoka ukonde pamthunzi. Sangasinje, koma akusenda chinangwa ndi kuyanika usipa.

2: Akusamba, kuvala, kudya ndi kupita kuchimbudzi yekha, koma ntchito iliyonse yamukanika. Nthawi yoposa theka la usana amakhala ali chilili kapena akuyendayenda pakhomo.

3: Akudzisamalira pang'ono chabe. Nthawi yoposa theka la usana amakhala chogona kapena chokhala pampando.

4: Sangadzichitire kanthu. Ali pamphasa usana wonse.

Povuta ndi pakati pa 2 ndi 3, ndipo mpomwe mabanja ambiri amatsutsana. Njira yake ndi iyi: kuyambira dzuwa likatuluka mpaka kulowa, onani ngati nthawi yogona kapena yokhala pampando ikuposa nthawi yomwe ali pamiyendo. Musawerengere tsiku limodzi labwino lomwe kunabwera alendo. Odwala ambiri amadzilimbitsa pamaso pa abusa kapena apongozi, n'kugona masiku awiri otsatira. Lembani zomwe zachitika masiku ambiri a sabatayo.

Lembaninso zomwe akuchitadi, osati zomwe mukuganiza kuti akanatha. Pano pali msampha wa chikondi. Mwana wamkazi akabwera kudzasamalira mayi ake, amawasambitsa, kuwadyetsa, kuwaveka, mpaka mayiwo amasiya kuyesa, ndipo pakatha mwezi miyendo yafooka chifukwa chongokhala, osati chifukwa cha chotupa. Ngati angathe kunyamula kapu, asiyeni anyamule, ngakhale madzi atayike pang'ono.

M'buku la kuchipatala mukhoza kupezamo zilembo KPS ndi nambala monga 80 kapena 50. Umenewo ndi mlingo wina, wakale kuposa wa ECOG, womwe David Karnofsky, dokotala wa ku New York, anayambitsa cha m'ma 1948. Umayambira pa 100, munthu wopanda vuto, n'kumatsika ndi makumi. Pa 70 munthu akudzisamalira yekha koma sangagwire ntchito. Pa 50 akufuna thandizo lambiri. Pa 30 ndi wodwala kwambiri. Mlingo wa Karnofsky ukamatsika ndiye kuti zinthu zikuipa, pomwe wa ECOG ukamakwera ndi pomwe zikuipa, choncho musasokoneze. Madokotala a zotupa za mu ubongo amayang'ana kwambiri ngati wodwala ali pa 70 kupita m'mwamba posankha ngati angapirire opaleshoni yaikulu, mankhwala amphamvu a khansa, kapena kuwotcha chotupa ndi makina. Apa ndi pomwe kope lanu limalemera. Wodwala amene wayenda ulendo wochoka ku Mwaya mbandakucha, kudzera ku Chintheche ndi Nkhata Bay, n'kukwera mapiri mpaka ku Mzuzu m'minibasi yodzaza, amafika ali wolefuka kuposa momwe amakhalira pakhomo. Adokotala akangomuona tsiku lokhalo, akhoza kumuyesa wofooka kuposa momwe alili. Wina amadzilimbitsa n'kuoneka wamphamvu pomwe kunyumba sadzuka. Kope limanena za masabata, osati za tsiku limodzi.

Ngati wodwala ndi mwana, ntchito yake ndi masewera. Pali mlingo wa Lansky wa mu 1987 womwe umayeza zimenezo. Lembani ngati akuthamanga ndi anzake, ngati akungosewera atakhala pansi, ngati akungoonerera, kapena ngati wasiyiratu chidwi.

Nambala yokha siyikwanira kwa wodwala ubongo, chifukwa munthu akhoza kumayenda bwinobwino koma osazindikira mkazi wake. Pansi pa nambala onjezani mizere yochepa: wagwa khunyu kangati sabata ino, wasanza masiku angati, dzanja ndi mwendo wa mbali iti zafooka, mawu akutuluka bwino kapena akusowa, akutsamwa pomeza kapena ayi, akudziipitsira kapena ayi, akudziwa tsiku ndi malo omwe ali kapena wasokonezeka. Lembani zinthu zoti wina angazione. "Akuyenda kuchokera pakhonde kufika pamtengo wa mango osapuma" ndi mawu othandiza kuposa "akuyenda pang'ono", chifukwa sabata yamawa mudzaona ngati akufikabe pamtengopo.

MUYESO WACHIWIRI: IYE MWINI AKUTI BWANJI?

Muyeso uwu si wa maso anu. Ndi wa pakamwa pa wodwala, ndipo ndi umene umaiwalika kwambiri. Kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana amaonetsa kuti achibale amadziwa bwino za kuyenda ndi kudya kwa wodwala, koma za nkhawa ndi zomwe zili mumtima mwake amaphonya kawirikawiri. Pali munthu amene ali pa 3, sachoka pakhonde, koma ululu ulibe, zidzukulu zimamuzungulira, ndipo akuti mtima wake uli m'malo. Palinso msodzi amene ali pa 1, akuyenda ndi miyendo yake, koma usiku sagona poganiza za ngongole ya injini ya boti ndi fizi ya mwana wa ku sekondale. Miyeso iwiriyi siyendera limodzi nthawi zonse, n'chifukwa chake timailemba padera.

Ku Ulaya kuli mafunso ataliatali a bungwe la EORTC, 30 a khansa iliyonse ndi ena 20 a zotupa za mu ubongo. Pakhomo ndi ochuluka. Bungwe la African Palliative Care Association, lomwe likulu lake lili ku Kampala, linakonza mafunso 10 okha oyenera kuno kwathu: asanu ndi awiri a wodwala, atatu a banja, onse onena za masiku atatu apitawo, ndipo yankho limayambira pa 0 kufika pa 5. Mungatsate njira yomweyo m'mawu anuanu, m'Chitonga kapena m'Chichewa, chilankhulo chomwe wodwala amadandaulira akamva kupweteka.

Gwiritsani ntchito dzanja. Chibakera ndi 0, palibe vuto. Zala zonse zisanu ndiye vuto lalikulu lomwe munthu angaliganizire. Mwana wamkazi angafunse bambo ake chonchi: "Ada, masiku atatu apitawa mutu wakhala ukukupwetekani bwanji? Ndionetseni ndi zala." Akaonetsa, lembani, musatsutse. Musanene kuti "Koma Ada, dzulo munkaseka." Ululu ndi wa mwini.

Mukatha za ululu, funsani za zovuta zina za m'thupi monga nseru, chizungulire, kudzimbidwa ndi kusowa tulo. Kenako funsani za nkhawa. Mafunso otsalawo ndi omwe amavuta kutulutsa pakamwa: ngati ali ndi munthu womuuza zakukhosi, ngati akuona kuti moyo wake ukadali ndi phindu, ngati ali ndi mtendere mumtima, ngati banja lalandira uphungu wokwanira wokonzekera za m'tsogolo. Pa mafunso amenewa zala zambiri zikutanthauza zabwino, choncho lembani mawu pambali kuti musadzasokonezeke.

Ena adzati mafunso otere ndi olaula, kuti kufunsa munthu za m'tsogolo ndi kumuitanira imfa. Ine ndikuona kuti choopsa kwambiri ndi chete. Odwala ambiri amadziwa kale kuti zinthu sizili bwino, ndipo amangokhala chete poteteza ana awo, anawo nawonso ali chete poteteza kholo. Pakali pano nkhani ya munda, ya ngongole ya banki m'khonde, ya mwana wa kunja amene akufuna kumuona, imakhala yosakambidwa. Pa chotupa cha mu ubongo pali chifukwa china chofulumirira: matendawa akhoza kulanda mawu ndi nzeru thupi likadali lamphamvu. Zofunika kunena zinenedwe munthu akadatha kulankhula. Ngati wodwala sakufuna kuyankha lero, musamukakamize. Lembani kuti sanafune, mudzafunsenso.

Wofunsa akhale munthu amene wodwala amamasuka naye. Mkamwini sangafunse apongozi ake aakazi za kudzimbidwa, ndipo bambo ambiri sangauze mwana wawo wamng'ono kuti akuopa. Nthawi zina woyenera ndi mlongo wake, mnzake wa kunyanja, mayi wa Umanyano, kapena mlangizi wa zaumoyo. Funsani pa awiri, osati pagulu la odzazonda.

Onjezani funso limodzi lomwe silili pa mndandanda uliwonse: "Sabata ino mukufuna chiyani kwambiri?" Yankho likhoza kukhala laling'ono. Kukakhala kugombe madzulo. Kudya kondowole wa batala m'malo mwa phala. Kumva kwaya ya kutchalitchi kwawo. Sabata yotsatira lembani ngati zinatheka.

AKASIYA KULANKHULA

Wodwala amene mawu amusowa nthawi zambiri amamva zomwe mukunena. Musamukambe ngati palibe. Funsani mafunso oyankha ndi inde kapena ayi, apatseni nthawi, agwedeze mutu kapena afinye dzanja lanu. Ngati ngakhale zimenezo sizikutheka, yang'anani nkhope: tsinya pamphumi, kukukuta mano, kubuula pomutembenuza, kugwira mutu, kupuma mofulumira. Lembani nambala yomwe mukuganiza, koma pambali pake ikani mawu akuti "taona ife", kuti namwino adziwe kuti si yankho la mwini.

MANKHWALA OMWE AMASINTHA MANAMBALA

Odwala ambiri amapatsidwa dexamethasone. Amaphwetsa kutupa kozungulira chotupa, ndipo m'masiku ochepa munthu amene anali pa 3 akhoza kudzuka, kuyamba kulankhula ndi kufuna nsima. Banja limasangalala n'kumati wachira. Chotupa chikadalipo, chomwe chachepa ndi kutupa. Gwiritsani ntchito masiku abwinowo. Mankhwalawa amamwedwa m'mawa ndi chakudya, chifukwa akamwedwa madzulo amathawitsa tulo. Akamwedwa nthawi yaitali amatupitsa nkhope, amakweza shuga, amabweretsa zoyera m'kamwa, ndipo amafooketsa ntchafu mpaka munthu amalephera kudzuka pampando. Mukaona ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi, akayezetse shuga. Ndipo musawasiye mwadzidzidzi. Amachepetsedwa pang'onopang'ono motsogozedwa ndi achipatala. Onani mapiritsi otsala sabata isanathe, kuti musadzadzidzimuke Loweruka usiku.

Mankhwala a khunyu monga phenobarbitone, carbamazepine, phenytoin ndi sodium valproate amamwedwa tsiku lililonse, ngakhale munthu atatha mwezi osagwa. Ena amagonetsa, makamaka poyamba. Ngati wodwala amamwa ma ARV, nenani msanga, chifukwa ena mwa mankhwala a khunyuwa amachepetsa mphamvu ya ARV wotchedwa dolutegravir m'magazi ndipo achipatala amayenera kusintha kamwedwe.

Morphine wamadzi amaopedwa popanda chifukwa. Si mankhwala otsanzikira. Akamwedwa pa nthawi yake, kawirikawiri maola anayi aliwonse, amaletsa ululu usanabwere, ndipo munthu amatha kudya ndi kucheza. Amadzimbitsa pafupifupi aliyense, choncho pemphani mankhwala ofewetsa m'mimba tsiku lomwelo, ndipo wodwala azimwa madzi ndi kudya papaya ndi masamba. Botolo likhale patali ndi ana. Ngati ululu uli pa zala zitatu kupita m'mwamba masiku awiri otsatizana, mlingo wa mankhwala sukukwana. Musaonjezere nokha, kafunseni.

Tsiku lililonse lomwe mankhwala asinthidwa, lilembeni m'kope. Popanda zimenezo palibe angadziwe ngati kugona kwambiri kwa sabata ino n'kwa chotupa kapena n'kwa piritsi latsopano. Ngati mukumupatsanso mankhwala a zitsamba, lembaninso osachita manyazi.

ZOSADIKIRA TSIKU LOLEMBA

Pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngati wodwala akuvuta kudzutsa, ngati mutu wakula mwadzidzidzi limodzi ndi kusanza kosalekeza, ngati mbali imodzi yafa ziwalo mwadzidzidzi, ngati maso asiya kuona, ngati thupi latentha, kapena ngati bala la opaleshoni likutuluka madzi kapena mafinya. Kutentha thupi kuno kunyanja kukhoza kukhala malungo, ndipo malungo amachizika. Pitaninso kuchipatala ngati watsika ndi sitepe yathunthu, monga kuchoka pa 2 kufika pa 3, m'masiku ochepa. Kutsika kofulumira nthawi zambiri kumakhala ndi chifukwa chomwe chingakonzedwe.

Akagwa khunyu, chotsani zinthu zomwe zingamuvulaze, ikani chitenje chopinda pansi pa mutu, ndipo kugwedezeka kukatha mugonekeni chammbali. Musaike supuni, chala kapena madzi m'kamwa. Musamupanikize. Yang'anani nthawi pa foni: kukapitirira mphindi 5, kapena akagwanso asanatsitsimuke, thamangirani kuchipatala. Khunyu sapatsirana, thovu lake silingakudwalitseni. Munthu amene amagwa asakwere bwato, asasambe m'nyanja yekha ngakhale pamadzi ofika m'mawondo, asakhale yekha pafupi ndi moto, ndipo asayendetse njinga yamoto. Kwa msodzi lamuloli ndi lowawa, koma madzi samupatsa munthu mpata wachiwiri.

NAMBALA IKASINTHA, PAKHOMO PASINTHENSO

Pa 1 ndi 2, ntchito yaikulu ndi kuteteza kugwa ndi kusunga mphamvu. Salazani njira ya kuchimbudzi, ikani mtengo wogwirira, mupezereni ndodo, aziyenda pang'ono tsiku lililonse. Muyandikireni kuchokera mbali yomwe akuona bwino, ndipo mbale yake muike mbali yomweyo.

Pa 3 ndi 4 mdani ndi zilonda za pogona. Mutembenuzeni maola awiri aliwonse, yang'anani m'chiuno, m'matako, m'zidendene ndi m'mapewa. Pakafiira kapena pakada osabwerera, musamugonekerenso pamenepo. Mphasa yokha ndi yolimba, yalani matiresi kapena mabulangete opinda, ndipo zofunda zikhale zouma. Pindani ndi kuwongola manja ndi miyendo yofooka mofatsa kawiri pa tsiku kuti isaume. Pomudyetsa akhale tsonga, mutu wake utaweramira kutsogolo pang'ono. Phala lolimbirako limamezeka bwino kuposa madzi kwa munthu amene akutsamwa. Musadyetse munthu amene ali m'tulo. Pogona, mutu ukhale pokwererako, zimachepetsa kupweteka kwa m'mamawa. Neti isaiwalike.

Wodwala akafika pa 4 n'kumakana chakudya, mabanja ambiri amavutika mumtima ndipo amamukakamiza. Thupi likamafooka chotere silifunanso zambiri, ndipo kukakamiza kumangomutsamwitsa. Nyowetsani milomo, tsukani m'kamwa, mupatseni timadontho tomwe akufuna.

Pa nthawi imeneyi kope limathandizanso pa chisankho chovuta cha ulendo. Opaleshoni za ubongo m'dziko muno zimachitikira ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre ndi ku Lilongwe Institute of Orthopaedics and Neurosurgery pa Kamuzu Central Hospital, ndipo malo a boma othandizira odwala khansa, National Cancer Centre, alinso pa Kamuzu Central pomwepo. Kwa munthu amene ali pa 1 kapena 2, ulendo wotere ukhoza kusintha zambiri, ndipo musauchedwetse. Kwa amene wakhala pa 4 kwa masabata, funsani adokotala mosabisa musanagulitse ukonde kapena munda: "Tikapita, akachita chiyani, ndipo chidzasintha n'chiyani?" Nambala sichigamulo. Munthu akhoza kukhala pa 4 chifukwa cha madzi odzaza m'mutu omwe opaleshoni yaing'ono ingachotse. Chisankho chikhale cha wodwala, banja ndi adokotala pamodzi.

TSAMBA LA GADIYANI

Kumapeto kwa kope siyani masamba a wosamalira. Mafunso atatu a banja aja ndi awa m'mawu athu: ngati mwauzidwa zokwanira za matendawa, ngati mukudzidalira posamalira, ndi kukula kwa nkhawa yanu. Onjezani maola omwe mwagona. Kawirikawiri mtolo wonse umagwera mayi mmodzi kapena mtsikana amene wasiyitsidwa sukulu, pomwe achibale ena amangotumiza moni pa WhatsApp kuchokera ku Johannesburg. Ngati gadiyani sanagone bwino sabata yathunthu, itanani akuluakulu a banja mugawane masiku, ndipo amene ali kutali atumize ya thiransipoti ndi sopo. Wodwala ubongo akhoza kunyoza kwambiri munthu amene akumusamalirayo. Ndi matenda, koma zimapwetekabe, ndipo gadiyani ali ndi ufulu wotopa.

TSIKU LOPITA KUCHIPATALA

Tengani buku la kuchipatala, zithunzi zonse za m'mutu ndi malipoti ake, mapaketi a mankhwala onse ngakhale otha, ndi kope. Apite nawo munthu amene amalemba, osati amene wangopezeka ndi mpata. Mukalowa, yambani ndi mzere wa manambala: "Mwezi watha anali pa 2, masabata awiri apitawa ali pa 3, agwa katatu, ululu uli pa zala zinayi m'mawa." Mukatero nenani zomwe wodwala mwini akufuna. Funsani ku Chintheche Rural Hospital kapena ku Nkhata Bay District Hospital za anamwino a chisamaliro chochepetsa ululu, tsiku lomwe amaona odwala, ndi komwe mungakatenge morphine akatha. Chisamaliro chimenechi sichidikira kuti munthu afike kumapeto, chingayambe tsiku lomwe matenda apezeka. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu aone kopelo akabwera m'mudzi. Pa mafunso a pakati pa sabata, imbani Chipatala Cha Pa Foni pa 54747.

Musanatuluke m'chipinda cha adokotala, pemphani kuti akulembereni zinthu zitatu m'kope momwemo: mankhwala omwe asintha, zizindikiro zoti mubwerere nazo msanga, ndi tsiku lodzabweranso.